Denga Langa, Zipupa za Abiti Jafali

Chaka chimene ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi ku Chowe, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndi pamene zinachitika izi, ndipo inu a kwaya khalani pansi mwadongosolo, mafoni alowe m'matumba, pakuti sindibwereza. Ndiyambe ndaitana mayina monga tinkachitira m'kalasi, kuti wina asandidule pakati. Pali ine, a Hedi opuma. Pali mayi a kunyumba kwanga, amake Tomasi. Pali Che Twaibu, ejenti wogulitsa nyumba ndi mapuloti, amene ena ankangowatchula kuti dobadoba. Pali Che Dauda, amene anali ku Joni nthawi yonseyi, moti nkhope yawo sindinaionepo mpaka lero, ndimangodziwa mawu awo a pafoni. Pali akazi awo, Abiti Jafali. Ndipo pomaliza pali Shehe Lajabu, amene anaweruza mlanduwo.

Amake Tomasi anali atapezeka ndi matenda a shuga, ndipo ankayenera kuonekera kuchipatala ku boma mwezi ndi mwezi, koma kutsika mapiri a ku Chowe pa kabaza kunkawasiya miyendo itatupa masiku atatu. Kwathu ku Lungwena malo analipo, inde, koma nakonso n'kutali. Nyumba ya sukulu ankaifuna a hedi atsopano. Choncho ndinati nditenge penshoni yanga, ya zaka zonse zimene ndinapuma fumbi la choko, ndigule nyumba pafupi ndi boma mvula isanagwe.

Kale munthu ukafuna malo unkapita kwa eni ake, mumakhala pamphasa, amakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo pofika pokulozera pomanga anali atakudziwa mpaka agogo ako. Koma lero umangoimba nambala yolembedwa ndi makala pachipupa cha sitolo, ndipo kamphindi komweko munthu watulukira pa njinga yamoto, magalasi akuda ali kumaso.

"Aphunzitsi, mwafika pa munthu wake," anatero Che Twaibu. "Mangochi yonse ili m'foni umu. Mukufuna ya mphepo ya kunyanja kapena ya pafupi ndi msika?"

Ofesi yawo inali benchi pakhonde la shopu yotchajira mafoni, koma anali ndi chidindo, ndipo ine, ndikuvomereza pamaso panu, chidindo ndimachilemekeza. Ku mishoni anatiphunzitsa kuti chinthu chosalembedwa sichinachitike.

Anandiyendetsa, ana inu, ine nkhalamba nditagwira malaya awo kumbuyo kwa njinga. Nyumba yoyamba inali ndi mzere wakuda kuzungulira chipupa, wofika m'chiuno, ndipo nditafunsa ngati madzi sasefukira pamenepo iwo anati, "Ayi, umenewo ndi mtundu wa penti." Yachiwiri inagundana ndi bala ya mowa. Yachitatu tinapezako munthu wina akuionanso ndi ejenti wina, ndipo maejenti awiriwo anayamba kutukwanizana, ife ogula tikupatsana moni.

Kenaka ananditengera m'mudzi wina panjira yopita ku Nkopola, pafupi ndithu ndi boma. Nyumba ya njerwa zootcha, zipinda zinayi, malata atsopano, mawindo a magalasi, mjigo uli chapafupi. Mtima wanga unakhala pansi. Pakhonde panali mayi akusankha mpunga, ana atatu akusewera pabwalo. Che Twaibu anamuitanira kuseri, analankhula naye pang'ono, ndipo anabwerera akumwetulira.

"Mayiwa ndani?" ndinafunsa.

"Achemwali a mwini nyumba. Akungoyang'anira. Mukagula asamukira kwawo."

Ndinapitako katatu, ndili ndi tepi yoyezera ndi kope. Ndinayeza chipinda chilichonse, ndinagogoda zipupa, ndinawerenga malata, ndinasuzumira m'chimbudzi. Mayi uja ankandiyalira mphasa, kundipatsa madzi atagwada, ndipo ine ndinkangoti zikomo, pakuti tinaleredwa kuti mwamuna waulemu satalikitsa nkhani ndi mkazi wa pakhomo pa eni. Ndinafunsa njerwa, ndinafunsa malata, koma munthu amene ankasesa m'nyumbamo sindinamufunse kanthu.

Ulendo wachitatu ndinapita ndi amake Tomasi. Iwo sanayeze chilichonse, anangokhala pakhonde n'kumayang'ana uku ndi uku. Tili m'njira anati, "Abambo a Tomasi, mwawaona akazi a m'nyumba zozungulira zija?"

"Sindinabwere kudzaona akazi a eni."

"Onse ali ndi mpata wa mano wofanana ndi wa mayi uja. Ija ndi mbumba imodzi. Ngati mayi uja ali mlongo wa mwini nyumba, asamukira kwawo kuti, kwawo kuli pomwepo? Ngati sali mlongo wake, ndiye kuti mwamunayo anamanga kuchikamwini. Mwafunsa?"

"Mayi," ndinatero, "zimenezo n'zakale. Pali pepala."

Ndipo pepala linalipodi. Che Twaibu anaimba foni ku Joni, Che Dauda analankhula tonse tikumva kuti nyumbayo anamanga ndi thukuta lawo ndipo akuigulitsa mwa kufuna kwawo, mboni ziwiri za pashopu paja zinasaina, chidindo chinagwa kawiri, ndipo ndalama inapita. Safunsa anadya phula, ana inu, ndipo mwambi umenewu ine ndinauphunzitsa mu Sitandade 6 zaka zambirimbiri.

Tsiku losamuka tinabwereka lole yonyamula usipa, yonunkha mpaka m'mabulangete. Tinakweza bedi, kabati ya mabuku, mipando ndi nkhuku m'dengu, makiyi a nyumba ya sukulu ndinapereka, ndipo tinafika masana. Mayi uja anatuluka akupukuta manja pachitenje.

"Takulandirani, bwana wa magetsi. Koma magetsi ake amabwera ndi bedi?"

"Magetsi ati, mayi?"

"A dzuwa. Che Twaibu anati mukuyeza denga kuti muike magetsi amene atumiza amuna anga."

"Amuna anu ndani?"

"Che Dauda. Ine ndine Abiti Jafali."

Ndinatulutsa pepala m'chikwama, ndinaliwerenga mokweza kuyambira pamwamba mpaka pachidindo, monga munthu akuwerenga kalata ya abishopu. Nditamaliza, pabwalo panali patadzaza akazi, ndipo apo m'pamene ndinauona mpata wa mano uja, pakamwa paliponse. Abiti Jafali sanalire, sanakuwe. Anangoti, "Mchombo wanga unakwiriridwa kuseri uko. Amayi anga agona kumanda kwa mudzi uno. Mwamunayo anabwera kuno ndi chikwama chimodzi. Akugulitsa chiyani?"

Woyendetsa lole anati ali ndi ulendo wa kudoko, ndipo anatsitsa katundu yense pansi pa mtengo wa mango n'kumapita. Ndinaimbira Che Twaibu, foni yozima. Ndinaimirira pamenepo, jekete ili m'thupi, pepala m'manja, osadziwa ngati ndine mwini nyumba, mlendo kapena wakuba. Amake Tomasi anali atayamba kunjenjemera chifukwa nthawi ya chakudya inali itapitirira, ndipo amene anaona zimenezo si ine ayi, ndi Abiti Jafali. Anawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'nyumba ija, nawaphikira phala. Ine masiku amenewo ndinkagona pakhonde la amalume a Abiti Jafali, maso ali pa kabati yanga ya mabuku, mitambo ikusonkhana cha kumapiri.

Ndinapita kupolisi, anati imeneyo ndi nkhani ya kukhoti. Kukhoti anandilongosolera mwaulemu kuti mlandu wa malo sutha sabata imodzi. Ndiye amalume a Abiti Jafali, amene ali mwini mbumba, anati nkhaniyo ipite kwa Shehe Lajabu, popeza ndiwo anamanga ukwatiwo. Ine mwana wa Chiangilikani ndinadodoma, koma ndikanapita kuti? Shehewo ndinawapeza ali munthu wamfupi, woseka msanga, telala wa pakhonde la sitolo, tepi yawo ili m'khosi ngati yanga.

Tinakumana Loweruka m'mawa. Che Twaibu anachita kugwidwa pamsika ndi alongo a Abiti Jafali, ndipo foni yawo inaikidwa pampando pakati pa bwalo kuti Che Dauda amve.

"Che Twaibu," anatero Shehe, "mayi awa ndi achemwali a Che Dauda kuyambira liti?"

"Shehe, m'Chisilamu tonse ndife pachibale."

Anthu anaseka, koma ine sindinaseke.

"Nanga magetsi aja afika liti?"

"Ine ndine wa malonda, Shehe. Wondituma anati mkazi asadziwe, achita phokoso. Masiku ano womanga ndiye mwini."

Foni ija inayamba kukuwa. "Malata amenewo ndinagula ndine! Ndagona m'makontena kuno chifukwa cha nyumba imeneyo!"

"Mwagona ndi mkazi wina, mukutero," anayankha Abiti Jafali. "Dothi la njerwa linachoka m'munda mwa yani? Madzi anatunga ndani? Uvuni anaotcha ndani, si alongo anga?"

Shehe anafunsa chimodzichimodzi, ndipo zinadziwika kuti malata, mitengo ya denga, zitseko ndi mawindo zinagulidwa ndi ndalama ya ku Joni, koma njerwa ndi malo n'za mbumba. Atafunsa ngati ndalama yanga ingabwerere, Che Dauda anati inalowa kale m'katundu wa shopu yawo kumeneko.

"Mwambo ukuti mkamwini akachoka, nyumba imatsalira mkazi ndi ana," anatero Shehe. "Tikatsata mwambo wokha, nkhalamba izi zigona pansi pa mango. Tikatsata pepala lokha, ana atatu awa agona pansi pa mango. Khoswe wakhala pamkhate. Chimene Che Dauda akanatha kugulitsa ndi chimene anagula okha. Aphunzitsi, inu munagula denga."

"Pepani Shehe, sindikumva. Nyumba yanga ili pati?"

"Pamwamba."

"Ndiye ndizikhala pati?"

"Mukafuna, zulani malata anu, zitseko ndi mawindo, mukamange kwina."

Ndinayang'ana denga lija, ndinayang'ana ana aja, ndinayang'ana mitambo. Ine amene ndinkalanga mwana chifukwa chothyola nthambi ya mtengo wa sukulu, ndikasasule nyumba ya ana mvula ili pakhomo? Komanso malatawo ndikanawakhoma pa chiyani?

Amene analankhula ndi amake Tomasi, atakhala pamphasa imodzi ndi Abiti Jafali. "Shehe, ife akazi takambirana kale kukhitchini. Mayiwa alibe denga, ife tilibe zipupa. Zipinda zilipo zinayi."

"Mwakambirana liti?" ndinafunsa.

"Inu mukulondera mabuku."

Tsopano ndisananene chigamulo ndikupatseni langizo, pakuti ndikukudziwani, mukamva mathero mumwazika. Mudzagula malo ndi nyumba inu, ndipo maejenti mudzawafuna, pakuti si onse onama ndipo dziko lakula. Pepala lembani, chidindo chigwe, pa zimenezo sindinasinthe maganizo. Koma musanatulutse ndalama, khalani pamphasa ndi munthu amene mwamupeza akusesa pabwalo, mumufunse dzina lake, mumufunse kuti kwawo n'kuti, ndipo mumuuze chimene mwadzera. Inu anyamata, mkazi wanu akakufunsani funso panjira, musamuyankhe ndi pepala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Shehe Lajabu anagamula motere. Zipinda ziwiri za kumsewu tikhalemo ine ndi amake Tomasi masiku onse a moyo wathu, popanda lendi, ndipo ziwiri za kuseri akhalemo Abiti Jafali ndi ana awo. Denga ndi langa, likadontha wokonza ndine, ngakhale mbali yawo. Zipupa ndi zawo, zikang'aluka omata ndi iwo, ngakhale mbali yanga. Tonse awiri tikadzamwalira, denga lidzatsalire ana a Abiti Jafali, ndipo Tomasi wathu asadzabwere kudzazula msomali ndi umodzi womwe. Che Twaibu amange chipupa chogawa pakati ndi chimbudzi chachiwiri, ndi zipangizo zawo, ndi manja awo, atavula magalasi. Che Dauda asadzatchulenso za kugulitsa chilichonse pakhomopo.

Abiti Jafali anavomera. Amalume awo anavomera m'dzina la mbumba. Amake Tomasi anavomera ine ndisanatsegule pakamwa. Che Twaibu anayang'ana alongo aja ataima kumbuyo kwawo, navomera msanga. Che Dauda anati, "Zimenezo ine ayi," foni n'kuduka, ndipo Shehe anati bwalo lamva. Ine ndinavomera pomaliza, nditapempha kuti zilembedwe pa mapepala atatu, ndipo ndinasaina ndi cholembera changa chofiira, ndisakumvetsa bwinobwino chimene ndikusainira. Chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi tikukhala mmenemo, ndipo wina akandifunsa ngati nyumba ija ndi yanga, ndimayamba ndamuuza kuti akhale pansi.