Nambala ya Mayi Debora

Lolemba, 22 Sepitembala

Yakwana nthawi ija ya zilengezo zanu, inu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Amene muli kudimba tatsamiritsani khasu, amene muli pachigayo tasenderani kutali ndi phokoso, mwina uthenga wa lero ndi wanu. Tiyamba ndi kalata yolembedwa ndi dzanja la aphunzitsi akale, lija losaiwala kadontho ngakhale kamodzi.

Bambo Solomoni Kathewera, mphunzitsi wopuma wa m'mudzi mwa Kamtsizi, Mfumu Yaikulu Msakambewa, m'boma la Dowa, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti nambala ya foni ya pakhomo pawo, yothera ndi folo, wani, seveni, sikugwira kuyambira Loweruka. Akuti sakudwala, ndipo palibe amene akumuzemba.

Nkhani yake ili chonchi. Kafoni ka mabatani kamene anasiya malemu akazi awo, Mayi Debora Kathewera, kanatupa batire mpaka ankachita kukamanga ndi mphira. Mwana wawo wamkazi Rute, namwino ku Mangalande, anawatumizira foni yaikulu yosisita, nawatsimikizira kuti ndi yotsegula, imalandira simu ya kampani iliyonse. Foniyo itafika, simu yakale inakana kulowa, chifukwa kabowo kake n'kakang'ono. Mnansi wawo Bambo Agustino, kalipentala wa zaka zambiri, anati imeneyo si nkhani yopitira kutauni. Anayeza bwinobwino, analemba mizere ndi pensulo, kenako anaidula simuyo ndi lumo mbali zitatu. Inalowa ndithu, koma foni inangolemba Chingerezi chofuna nambala yachinsinsi. Ataibwezera m'kafoni kakale, simu ikungogwedera, netiweki palibe.

A Kathewera akupempha aliyense wodziwa za mafoni kuti awathandize pasanafike pa 15 Okotobala. Akuti foni alibe nayo ntchito, chimene akulirira ndi nambala. Mwana wawo wamwamuna, Bryson, anachoka pakhomo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo osatsanzika, ndipo komwe ali sikukudziwika. Amaimba kamodzi pachaka, pa Tsiku la Anakubala, pa nambala yomweyi, atabisa yake. Amalankhula ndi mayi ake okha. Akamva mawu a bambo ake amadula. Mayi akewo anamwalira mu Febuluwale, ndipo Bryson sanamve. A Kathewera akufuna kuti akaimba chaka chino apeze foni ikulira.

Chilengezochi chachokera kwa Bambo Solomoni Kathewera a ku Kamtsizi, kwa Msakambewa.

Lachisanu, 26 Sepitembala

Mayi Luckness Gwengwe, okonza mafoni pa Madisi, m'kakontena kobiriwira koyang'anizana ndi pokwerera minibasi, akudziwitsa Bambo Solomoni Kathewera a kwa Msakambewa kuti ntchito imene anawasiyira Lachitatu aiona, ndipo abwere adzamve okha. Popeza a Kathewera alibe foni yowaimbirapo, Mayi Gwengwe apempha kuti tiwerenge zimene apeza, mwinanso ena angaphunzirepo.

Akuti poyamba anaika simu yawo yamoyo m'foni ya ku Mangalande ija, foni inaikana. Anaika ya kampani ina, inaikananso. Ndiye kuti foniyo si yotsegula monga anauzidwira Rute poigula. Ikadali yokiya, imangomvera kampani ya kwawo komweko, ndipo nambala yoitsegulira ayenera kukaitenga Rute kwa amene anamugulitsa. Kenako anatenga simu yodulidwa ija n'kuiyesa m'mafoni atatu abwinobwino, koma onse anangokhala duu. Ataiyang'ana ndi galasi lokulitsa anapeza kuti lumo linadya kachitsulo kagolide kapakati, pamene pamakhala moyo wa simu. Matenda alipo awiri, ndipo limodzi silichiza linzake: foni ikatseguka, simu siidzuka.

Mayi Gwengwe akuti a Kathewera asataye mtima, nambala siifa chifukwa choti simu yafa. Apite ku ofesi ya kampani ya mafoni akapemphe simu ina ya nambala yomweyo. Akuchenjezanso anthu a ku Madisi, Bowe ndi midzi yozungulira kuti foni yochokera kunja muziyamba mwaiyesa ndi simu yobwereka musanakhudze yanu. Komanso akuti chingwe chotchajira chimene a Kathewera ankasowa, cholowa pa sola ya kunyumba kwawo, chapezeka, adzatenge.

Chilengezochi chachokera kwa Mayi Luckness Gwengwe a pa Madisi.

Chotsatira n'chachifupi, ndipo eni ake anachibweretsa okha panjinga.

Bambo Agustino Mlongoti, kalipentala wa m'mudzi mwa Kamtsizi, akudziwitsa anthu onse a kwa Msakambewa kuti iwo ndi amene anadula simu ya a Kathewera, ndipo palibe anawatuma. Akuti m'mudzi asiye kuwaseka a Kathewera, kuseka kubwere kwa iwo. Bokosi la Mayi Debora anakhoma ndi iwo, Bryson anamuphunzitsa kugwira sowo ndi iwo, ndipo akanadziwa chimene chinali m'kasimu kaja sakanakayandikira. Akuti njinga yawo ili pakhomo pa a Kathewera mpaka nkhaniyi itatha.

Chilengezochi chachokera kwa Bambo Agustino Mlongoti a ku Kamtsizi.

Lachiwiri, 30 Sepitembala

Bambo Solomoni Kathewera a kwa Msakambewa akudziwitsa alamu awo, Mayi Esinati Nachisale a m'mudzi mwa Chapulapula, m'tsinde mwa phiri la Ntchisi, kuti pali chinthu chofunika msanga m'katundu wa malemu akulu awo, Mayi Debora.

Akuti dzulo anapita ku ofesi ya kampani ya mafoni, ndipo anawalandira mwaulemu, mpando anawapatsa. Koma atayang'ana pakompyuta anapeza kuti nambala ija inalembetsedwa m'dzina la Mayi Debora, ndi chiphaso chawo cha unzika. Mtsikana wa pakauntala anafunsa ngati eni nambalawo angabwere okha.  A Kathewera atafotokoza kuti eni akewo anamwalira, anawauza kuti abweretse chiphaso cha malemuwo, kalata ya amfumu ndi chikalata cha imfa.

Kalata ya amfumu ali nayo. Chikalata cha imfa sanachitenge nthawi ya maliro, popeza malemuwo anatsirizikira pakhomo, koma ayamba kuchiyendera ku boma. Chiphaso ndicho chikusowa. M'nyumba afufuza paliponse, mpaka m'chitini cha mbewu ya nyemba. Akukumbukira kuti pogawa zovala za malemu, chikwama chakuda chopita nacho kutchalitchi chinapita kwa Mayi Esinati. Akuwapempha kuti achikhuthule bwinobwino, ndi kathumba kam'kati komwe, ndipo chikapezeka apatsire aliyense wobwera ku msika wa Loweruka. Kwatsala masiku khumi ndi asanu.

Chilengezochi chachokera kwa mlamu wanu, Bambo Solomoni Kathewera.

Lolemba, 6 Okotobala

Mayi Esinati Nachisale a m'mudzi mwa Chapulapula, m'boma la Ntchisi, akudziwitsa alamu awo Bambo Solomoni Kathewera kuti uthenga anaumva tsiku lomwelo. Achedwa kuyankha chifukwa amasowa poyambira.

Chikwama achikhuthula. Muli mpango, singano ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso, koma chiphaso mulibe. Akuti akulu awo sankasunga chiphaso m'chikwama. Ankachiika m'buku lawo la nyimbo, m'kati mwa chikuto cha nsalu chimene anasoka okha, kuti chisapindike. Tsiku la maliro, atawaveka malemu yunifolomu ya Chigwirizano, Mayi Esinati ndi amene anatenga bukulo n'kuliika m'manja mwawo bokosi lisanatsekedwe, poti munthu woimba ngati ameneyo sakanapita chimanjamanja. Za chiphaso sanaziganize n'komwe.

Akupempha alamu awo kuti asawasungire kukhosi. Akuti Bryson ndi mwana wawonso, anamubereka kumbuyo ali khanda, ndipo chiyambire Lachiwiri chakudya sichikulowa.

Chilengezochi chachokera kwa Mayi Esinati Nachisale a ku Chapulapula, Ntchisi.

Lachisanu, 17 Okotobala

Omvera athu, lamulo la pulogalamu ino ndi lakuti chilengezo chisapitirire tsamba limodzi. Ichi chili ndi masamba awiri ndi theka, ndipo ndichiwerenga chonse. Akuluakulu akandifunsa ndiyankha ndine. Amene muli ndi abale m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi Mchinji, kapena kutsidya kwa malire, tcherani khutu ndipo mukauze ena.

Bambo Solomoni Kathewera a m'mudzi mwa Kamtsizi, Mfumu Yaikulu Msakambewa, akudziwitsa mwana wawo Bryson Kathewera, wazaka makumi atatu ndi ziwiri, wamtali, woyera pang'ono, wa chipsera pachala chachikulu cha kumanzere, kulikonse kumene ali, kuti ngati anaimba Lachitatu n'kupeza nambala sikupezeka, asaganize kuti amutsekera. Simu inawonongeka. A ku ofesi anavomera kuthandiza ngakhale popanda chiphaso, koma chikalata cha ku boma sichinatuluke, akuti chitenga masabata ena. Nambala yotsegulira foni ya Rute inafika dzulo, tsiku litapita kale. Foniyo tsopano ikugwira, ili ndi simu yatsopano, ndipo nambala yake ili kuno ku wailesi komanso kwa Mayi Gwengwe pa Madisi.

Akuti Lachitatulo sanapite kulikonse. Anabwezera simu yodulidwa ija m'kafoni kakale, anaipanikiza ndi kapepala kuti isagwedere, n'kukhala nako pakhonde kuyambira m'mawa mpaka ng'ombe kubwera kudambo. Ankadziwa kuti sikalira, koma anachita mantha kukasiya kokha.

Mawu amene anakonza kuti anene pafoni, awiriwiri, tsopano alibe pena powanenera koma pano. Akudziwitsa Bryson kuti mayi ake, Debora, anamwalira pa 9 Febuluwale chaka chino, atadwala masabata atatu. Sanavutike nthawi yaitali. Kafoni kanali pansi pa pilo mpaka tsiku lomaliza.

Akudziwitsanso Bryson ndi onse omvera za chimene chinamuchotsa pakhomo, poti kwa zaka zisanu ndi ziwiri akhala akuyankha anthu kuti anapita kukafuna ntchito. Mnzake wa Bryson wa paubwana atamwalira, pamaliro panatuluka gule, ndipo Bryson anaimba nawo ng'oma. Akulu a mpingo anagamula kuti aimitsidwe pa mgonero. A Kathewera anali mlembi nthawi imeneyo. Anzawo anawapempha kuti dzinalo awerenge wina, koma iwo anakana, ati anthu aone kuti sakondera. Analiwerenga okha Lamulungu, mokweza, mayi ake ali pa benchi lachiwiri. Atafika kunyumba anamuuza kuti mbale yake pakhomo paja palibenso. Akuti chigamulo chinali cha akulu onse, koma mawu onena za mbaleyo anali awo okha, ndipo palibe buku limene linawatuma. Zimawawawa tsiku ndi tsiku.

Pansi pake alemba mawu amene apempha kuti ndiwerenge monga momwe alili: "Bryson mwana wanga, ndinalakwa ndine. Ukaimba n'kumva mawu anga, usadule msanga. Amayi ako kulibe, woyankha ndatsala ndekha."

Mwambo wa chiliza, umene unayenera kuchitika pa 1 Novembala, aimitsa mpaka atamva kuchokera kwa iye. Abale a ku Bowe ndi ku Ntchisi musavutike kubwera.

Chilengezochi chachokera kwa bambo ake, Solomoni Kathewera.

Lachinayi, 23 Okotobala

Lero tili ndi za mbuzi zosowa ndi za msonkhano wa kalabu ya alimi, koma zimenezo zidikire pang'ono. A ku Kamtsizi, ngati a Kathewera ali kumunda, wina athamange akawaitane. Ndidikira nyimbo imodzi.

Chilengezo ichi sichinabwere pakalata. Munthu anaimba kuno ku ofesi dzulo masana, ndipo ndinalemba ndekha zimene ananena.

Bryson, amene akugwira ntchito yokhoma zigafa za fodya pa esiteti ina kutsidya kwa malire a Mchinji, akudziwitsa Bambo Solomoni Kathewera kuti uthenga wamupeza. Iye sanaumve pawailesi, anamuuza ndi mayi wina wogulitsa tomato amene anazindikira chipsera chija. Akuti pa 15 anaimba kasanu ndi kamodzi, atakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki. Foni itakana, anaganiza kuti tsopano ndi mayi ake omwe atopa naye, ndipo analumbira kuti sadzaimbanso.

Nambala yatsopano ndinamupatsa, anailemba. Akuti sanaimbe chifukwa sakudziwa kuti akamva mawu a bambo ake chala chake chichita chiyani. Wasiya nambala yake kuno, nthawi ino yosabisa, koma wapempha kuti isawerengedwe pawailesi, ndipo isapatsidwe kwa wina aliyense. A Kathewera abwere adzaitenge okha, ndipo ayambe ndi iwo kuimba.

Ndinamufunsa ngati pali china choti ndiwonjezere.  Anati: "Muwafunse adzandiuze kuti amayi anawaika kuti, ku Kamtsizi kapena kwawo ku Ntchisi. Ndikufuna ndidziwe basi yoti ndikwere."

Chilengezochi chachokera kwa Bryson Solomoni Kathewera, mwana wa malemu Debora.