Nyimbo ya mayi ogulitsa makala

Abale ndi alongo, senderani pafupi. Mawu angawa sakwera kuposa apa.

Ine ndinali mphunzitsi wa kwaya kuno ku Bangwe. Ndikakweza dzanja, kwaya yonse inkapuma limodzi. Kenako pakhosi panga panatuluka chotupa. Madokotala anachichotsa, koma chinapita ndi mawu anga.

Ndili m'chipatala, akwaya anasankha wina. Nditatuluka, palibe anabwera kudzandizonda. Anthu omwe ndinawaphunzitsa kutsegula pakamwa! Ankadutsa pamsewu atavala yunifomu yomwe ndinasankha ine, moni wake wongokweza dzanja. Zinandiwawa, ndipo sindinama, mpaka lero ndikakumbuka mtima umawira.

Tchalitchi ndinasiya. Kachasu ndiye anakhala mnzanga. Nyimbo ikayamba pawailesi ndinkatseka. Ndinkati, Mulungu, mwanditaya ngati chisanza.

Tsiku lina kunabwera mayi Nanyoni, ogulitsa makala pafupi ndi kwathu. Mwana wawo wamwamuna anamwalira chaka chapitacho, ndipo achibale ankakonza zovundukula chiliza.

"Aphunzitsi," anatero, "nyimbo yoyamba kumandako ndikufuna ndikayambitse ndine. Ankaikonda mwanayo."

Ndinaseka. Mayiwa ndinkawadziwa. Kugulu la amayi ankawauza kuti azingogwedeza milomo, asamasokoneze anzawo.

"Mayi, ine mawu ndilibe, inu khutu mulibe. Tiimba chiyani?"

"Ndiye tapezana," anayankha, n'kukhala pakhonde. Sanachoke.

Kale ndinkaimba mzere, wophunzira n'kubwereza, akaphonya ndinkakalipa. Tsopano ndikanaimba ndi chiyani? Ndinatulutsa kiyibodi yodzaza fumbi. Ndikadina apa, iwo ankapita uko. Ndikadinanso, ukonso. Nditatopa ndinati, "Basi, yambani nokha pomwe mukufuna."

Anayambira pansi kwambiri, ngati bambo. Ndinasakasaka ndi chala mpaka ndinawapeza. Aa! Pamenepo sankaphonya ayi. Zaka zonsezo anthu ankawakokera pa mawu a amayi anzawo, pomwe pakhosi pawo sipafika.

Tinayenda choncho, iwo patsogolo, ine pambuyo. Popumira ndinkawasonyeza pogogoda tebulo. Akafika pa mzere wonena zokakumana kumwamba ankalira, ndipo ine wokalipa uja ndinaphunzira kudikira. Masiku amene ankabwera sindinkamwa, chifukwa khutu la woledzera limanama.

Tsiku la chiliza ndinapita, ndinaima kumbuyo. Akwaya aja analipo. Mayi Nanyoni atatsegula pakamwa, ena anayamba kutsinana. Ndinaona ndi maso angawa. Mawu a mayiwo ananjenjemera, koma sanagwe. Azibambo anailandira nyimboyo pomwe inali, azimayi n'kukwera pamwamba. Anthu onse anaimba, mwini mwana ali patsogolo mpaka kumaliza.

Ndinagwada pafumbi pomwepo. Ndinati, Ambuye, inenso mwandisaka mpaka pansi pomwe ndinagwera. Ndilandireni.

Musayembekezere kuti ndikuuzeni zoti mawu anga anabwerera. Sanabwerere. Akwaya mpaka lero sanapepese, ndipo kukhululuka ndikuphunzirabe, movutikira. Koma mowa ndinasiya, ndipo pakhonde panga pamabwera anthu, mmodzimmodzi, omwe anauzidwa kuti sadziwa kuimba. Yesu alemekezeke!

Ngati muli muno ndi mtima wowawa, musadikire kuti upole kaye. Bwerani nawo kutsogolo kuno. Wanga ndinabwera nawo ukuwawabe, ndipo Iye sanandibweze.