Mphuno Yonunkhiza Kilombero

Zaka zija zipani zitangochuluka, mpunga wa ku Bwanje utayamba kudzaza msika, ine ndinali ndi dzina pa Golomoti chifukwa cha mphuno yomwe mukuisekayi. Inu lero mumagula mpunga powerenga zolemba pathumba, koma ife tinkatapa m'dzanja, kuufikisa, kuununkhiza, ndipo kilombero weniweni ankadziulula yekha. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ana inu. Wosakaniza ndi mpunga wa faya sankandidutsa, moti amayi a ku Lilongwe ankatsika minibasi n'kumafunsa kuti, "Ali kuti Anaphiri onunkhiza aja?"

Ndiye kunabwera chimfine chosatha, mphuno zonse zinatsekeka, ndinkapumira pakamwa, ndipo fungo linangoti zii, ndiwo kupserera ine ndili pomwepo. Tsiku lina mayi wina amene ankandigula nthawi zonse anandibwezera thumba pamaso pa anthu, ati ndi wosakaniza, ndipo sankanama. Ndinalira, sindikubisirani, chifukwa popanda mphuno ndinalibenso ntchito pamsikapo.

Pagalasi ndinaona kanyama kotuwa m'mphunomo, konyezimira ngati diso la nsomba. Ena ankati khansa, ena ankati andilodza anzanga ogulitsa nawo, koma alamu anga anabwera ndi sipoko ya njinga yopinda kunsonga.

"Mlamu, khalani pansi tikoke basi."

"Kakokeni za ng'ombe zanu," ndinatero ine, n'kutenga chitenje, ulendo wa kuchipatala.

Kumeneko ananditumiza kuchipatala chachikulu kutauni, ndipo adokotala ataunika anati, "Amayi, si khansa ayi, ndi tinyama tomera m'mphuno. Tichotsa, koma za fungo sindilonjeza, ndiponso nthawi zina timameranso." Anachotsadi, anandipatsa mankhwala opopera, ndinabwerera kumudzi ndikupuma bwino, koma fungo osabwera. Iwe Nabanda, peta uku ukumva, makutu sagwira lichero.

Tsono amuna anga, bambo a Tereza, anali atalumbira kalekale pamaso pa akulu a mpingo kuti kachasu asiya. M'mawa wina anabwera ndi mpunga m'dzanja, n'kuwerama pafupi ndi nkhope yanga.

"Tayesaninso, mayi a Tereza."

Ndinakoka mpweya, ndipo kilombero uja anafika, pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi. Misozi inatsika. Ndinakokanso, kunafika china.

"Mpungawu ndi weniweni," ndinatero, "koma kachasuyu mwayambiranso liti?"

Amuna anga anaimirira, kukanda m'mutu, kenako anati, "Basi mwachira." Walira mvula walira matope, ana anga! Lachitatu lotsatira ndinali pamsika, ndipo iwo anabwerera kwa akulu a mpingo kukalumbira kachiwiri.

Choncho mphuno ikatsekeka mwezi ndi mwezi, musaipise ndi waya, musanamizire mnzanu ufiti, pitani akakuunikeni. Mphuno salota, koma ikachira imaulula za m'thumba ndi za m'nyumba zomwe.