Munda wanga unauluka ndi kabawi

Chaka chija dzombe linatera ku Lifidzi, nkhondo ya azungu isanathe, ine ndinali mkamwini watsopano kwa a Ngozo, ndipo inu ana ogula ufa ku Kalomwe simudziwa kuti kale mkamwini wopanda nkhokwe ankamupindira mphasa yake n'kumulozera njira. Ndiye ndinalima, anthu inu! Chimanga chinatalika mpaka akhwangwala ankaodira podutsa.

Tsiku lina masana dzuwa linazima ngati wina walivundikira ndi lichero, ndipo pofika madzulo munda wanga unali timitengo tokhatokha. Lero mumangopopera mankhwala, koma ife tinkaomba zitini, dzombe n'kumavina. Apongozi anaima kuseri kwa nyumba, poti sitinkayang'anana maso, n'kuitana mkazi wanga ndi mawu awo a m'mphuno aja: "Nangozooo! Tafunsa mlendo wakoyo ngati njira ya kwawo akuikumbukira."

Ine, nkhope ili kukhoma: "Atate, chimanga sichinatayike, changosamukira m'mimba mwa dzombe. Ndikachitenga!"

M'mawa dzombe limalemedwa ndi mame, choncho tinalikokolola ine ndi Nangozo, kuliwiritsa, kuliyanika. Koma tamverani chodabwitsa: munda woti udzaze nkhokwe unatuluka timasaka toti mwana n'kusenza akuimba nyimbo. Ndinakhala pansi kukanda mutu. China chija chapita kuti?

"Inu," anatero Nangozo, "mukaweruka kumunda mumadya ngati fisi, koma nthiti zili pamtunda. Chimapita kuti? Nalonso dzombe mukuyesa limauluka ndi mphepo? Limauluka ndi chimanga chanucho."

Eee! Ndiye ine, mwini nzeru, ndinati lina tidye, lina ndipatse nkhuku lisanduke nyama. Zinadya, n'kupalasa, n'kuthamangitsana, ndipo tambala akati kokoliliko ndinkamva chimanga changa chikutuluka pakhosi pake n'kupita kumitambo. Mapeto ake dzombe lonse lija linaonekera pa thadzi limodzi lonenepa. Ndinati ili ndiwaphere apongozi, mtima wawo uzizire. Ndikunola mpeni pamwala, ndinangomva fyuu! Kabawi! Thadzi kweee, kweee, m'mwamba!

Ndinathamanga mpeni uli m'manja ndikukuwa: "Bweza munda wanga, wakuba iwe!" Apongozi anaseka mpaka kuiwala mwambo, n'kundiyang'ana m'maso misozi ili chuchuchu. Tangoganizani, ana inu: dzuwa ndi mvula ya miyezi yonse ija zinalowa m'tsamba, tsamba m'dzombe, dzombe m'nkhuku, ndipo zonse zinakwana m'zikhadabo za mbalame imodzi, imene mawa lake inali ndi njala kale. N'chifukwa chake udzu uli ponseponse koma akabawi ndi owerengeka. Mimba iliyonse imadula msonkho wake.

Chinandipulumutsa n'chiyani? Ine ndikusamala nkhuku, Nangozo anabzala nyemba ndi kachewere m'munda wometedwa uja, mmene dzombe linasiya zitosi zake, dzuwa likufika pansi popanda chotchinga. Zinabereka, osati masewera! Ndipo ndinamvanso kuseri kuja: "Nangozooo! Uza mlendo wakoyo aluke nkhokwe."

Choncho adzukulu anga, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Muzidyera pafupi ndi tsamba, musadikire chakudya chodutsa m'mimba za ena. Mphasa ija sinapindidwe, inathera m'mudzi momwe muno. Koma ndikaona kabawi mpaka lero ndimavula chipewa, poti iye anadya munda wanga wonse yekhayekha tsiku limodzi.