Thanki Yosowa Mwini pa Mdadada wa ku Iztacalco

Ine, Ofelia Barragán Tule, wa zaka 58, wokhala ku Iztacalco mumzinda wa Mexico, telala, ndikunena izi:

Ndimakhala nyumba nambala 9, nsanjika yomaliza. Mdadada wathu uli ndi nyumba khumi, aliyense anagula yake. Denga ndi la tonse, koma mathanki a madzi amene ali padengapo aliyense ali ndi yake. Manambala a pa mathankiwo anafufutika kalekale ndi dzuwa.

Lachiwiri pa 14 Meyi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndikusoka pabalaza, ndinamva chiphokoso padenga. Chitsulo chokhalapo thanki imodzi chinathyoka, thankiyo inagwa n'kuphulika. Denga linang'ambika pamwamba pa chipinda chimene amagona amuna anga, a Nicanor, omwe anafa ziwalo mbali imodzi. Ndinawakoka pa bulangete mpaka kukhitchini. Ndinatsegula mpopi wanga n'kuwasukusula fumbi la simenti kumaso. Madzi ankatuluka bwinobwino.

Lachitatu m'mawa ndinachapa zofunda ndi mpopi womwewo, kenako ndinapita kwa a Don Eusebio, wapampando wa komiti ya mdadada wathu. Anati, “Mayi Ofelia, inshulansi ya tonsefe siilipira zoonongeka ndi katundu wa munthu. Mwini thanki ndiye akukonzereni.” Ndinafunsa kuti mwini wake ndani. Anati, “Nanga ine ndimagona padenga?”

Ndinagogoda khomo ndi khomo kufunsa amene akusowa madzi. Onse amene ananditsegulira anati ali nawo. Kwa a Rogelio Quintanar, nambala 4, sananditsegulire, chikhalirecho wailesi inkamveka. Madzulo ndinaona akazi awo, a Maribel, akulowetsa zigubu za madzi. Akumwa tonse timagula, koma osati ochuluka chonchija.

Lachinayi cha m'ma 2 koloko masana ndinakumana ndi a Rogelio pa masitepe, ali ndi bambo wina wonyamula sipanala ndi mapaipi. Ndinati, “Mwalowera kuti, aneba?” Anati, “Kukaona mlongoti wa TV, mayi. Kapena kukwera padenga mwayamba kulipiritsa?” Anakhalako pafupifupi ola limodzi. Sindinawatsatire chifukwa a Nicanor sasiyidwa okha nthawi yaitali. Madzulo ake mpopi wanga unauma.

Lachisanu kunabwera wa inshulansi ya mdadada. A Don Eusebio anati aliyense atsegule mpopi wake, wouma ndiye mwini thanki. Nyumba zonse madzi anatuluka, kupatula yanga. Tinakwera padenga. Paipi ya thanki yophulikayo inali yolunjika kwanga. Wa inshulansi uja ndinamuonetsa polumikizira pake, guluu ake akununkhabe. Anati, “Mayi, ine si pulambala. Ndimalemba zimene ndaona. Inshulansi ya nyumba yanu muli nayo?” Ndilibe. Zaka zonsezi ndimayesa kuti chopereka cha pamwezi chimateteza ndi m'nyumba momwe. Anapukusa mutu n'kutseka chikwama.

Komiti yandiuza kuti ndikonze dengalo ndekha mvula ya Juni isanayambe, apo ayi andisumira. Makina anga osokera analowa madzi. A Nicanor akugona pansi kukhitchini, ndipo kuchipinda ndakhoma pepala la pulasitiki. Ndasowa pogwira.

Mwandifunsa ngati alipo anaona mpopi wanga ukutuluka madzi Lachiwiri ndi Lachitatu. Alipo mmodzi, a Nicanor, koma chidwalireni salankhula. Dzina la bambo wa sipanala uja sindilidziwa.

Chiyambire Lachisanu madzi osambitsa odwala ndikupempha. Ena onse anatopa nane. Amene sanandikanizepo ndi a Maribel. Dzulo akundidzazira ndowa anati, “Tungani, mayi Ofelia, musamangike. Madziwa ayeseni anu.”

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi.

Wopereka umboni: Ofelia Barragán Tule ____________________
Wolemba: Ofisala H. Zepeda ____________________