Lata Lotsala Lomwe Ndidalinyoza

Zikomo aulutsi, ndiwerengereniko kalatayi. Ndine mlimi wa fodya kwa Mlonyeni kuno ku Mchinji. Nditafolera nyumba ndi malata, ndidagula ngalande yapulasitiki yotchera madzi a padenga kwa dalaivala wina paboda. Akazi anga adati, "Bambo, dzuwa la Okutobala simulidziwa? Tipinditse lata lotsalali." Ndidawaseka, poti pulasitikiyo inkanyezimira.

Dzuwa lidaipinda ngati uta. Mvula yoyamba, madzi onse adakhuthukira pakhoma la zidina, chipinda cha ana n'kugumuka mbali imodzi. Mwamwayi anawo anali kusukulu.

Wokhoma ndowa adatipindira lata lija, ndipo mpaka lero lilipo. Dzinja lonse mgolo wotcherera madziwo umadzaza, akazi anga kumjigo sapitanso. Abambo anzanga, muziwamvera akazi anu. Anga akamatunga pamgolopo amangondimwetulira, ine n'kuyang'ana kumbali.