Womaliza Pamzere wa Mlatho

Pasiteji ya basi ku Mponela, bambo wina ndi mayi wogulitsa nthochi ankakambirana za msonkhano umene anthu anasankha okha chitukuko choti khonsolo iwachitire.

"Inu bambo munafola mzere uti, wa mlatho kapena wa shedi yamumsika?"

"Wa shedi, mayi. Mlatho unatiposa ndi munthu mmodzi yekha, amayi aja anaima kumapeto, chitenje chikudontha madzi dzuwa likuswa mtengo."

"Atasenza dengu la tomato?"

"Omwewo."

"Amenewo ndi amake Festus. Anakokoloka pamtsinje womwewo chaka chatha akubwera kumsika. Tinaika kale."

"Ndiye chisankho chimenecho chibwerezedwe basi!"

"Mukanene ndinu, bambo. Ine ndimawoloka pomwepo tsiku lililonse."